Chiwindi cha Arim

Arim anayala nyuzipepala yakale patebulo la kukhitchini n'kukhuthulirapo tinsomba touma tophikira msuzi. Ankatola kamodzikamodzi. Amati akadula mutu ndi chikhadabo, ang'ambe pamimba, akolowole kachinthu kakuda kaja kamene kamawawitsa msuzi, kenako aponye kansombako m'mbale. Mitu ankaiunjika pakona pa nyuzipepala, timaso tonse titayang'ana kudenga. Masiku onse ntchito imeneyi ankaimaliza madzi asanawire, koma Lamlungu limeneli ankaikoka dala. Ankadziwa kuti kansomba komaliza kakangogwera m'mbale, auzidwa kuti akavale.

Amayi ake analankhulira kuchipinda, chitseko chili chotsekula. Anati lero si tsiku logwira nsomba, manja anunkha, ndipo kumene akupitako si kumsika wa ku Bupyeong koti munthu n'kufika ndi fungo la kukhitchini. Anatinso mchimwene wake Dongpil wavutikira malo kulesitilantiko, anthu ena amadikira miyezi kuti apezeko tebulo. Arim anatola kansomba kena.

Nkhani yake inali ya chiwindi. Cha Dongpil chinali chitauma ndi mowa. Amayi ankautchula kuti mowa wa kuntchito, ngati kuti umenewo uli ndi khomo lakelake lolowera m'thupi, poti Dongpil ankagulitsa makina a m'mafakitale ndipo pantchito imeneyo malonda satheka popanda botolo patebulo. Madokotala anati mankhwala afika pothera, chatsala n'chakuti wachibale wamoyo adulidwe chiwindi chake n'kumugawira. Mkazi wake Hyeran anayezedwa, anam'peza ndi kachilombo ka m'chiwindi kamene anabadwa nako. Amayi anali atapyola msinkhu. Mwana wa Dongpil, Yunu, anali asanayambe n'sukulu yomwe. Tsono m'mawa wina amayi anatenga Arim kupita naye kuchipatala, akuti kukangoyezetsa basi, kuti tidziwe. Anam'tenga magazi, anamulowetsa m'makina ojambula za m'thupi, ndipo zotsatira zinabwera zoti chiwindi chake n'chosalala, chachikulu bwino, chogwirizana ndi thupi la mchimwene wake. Madokotala anati adzadula choposa theka. Chimene chinatsala chinali chimodzi. Lachiwiri likubwerali Arim anayenera kukakhala yekha m'chipinda ndi mayi wa kuchipatala woona za opereka ziwalo, n'kunena ndi pakamwa pake kuti akupereka mwa kufuna kwake, palibe womukakamiza.

Chibwerere zotsatirazo, palibe amene anam'funsa kanthu. M'nyumba munangoyamba kupezeka zipatso.

Tinsomba titatha anasamba m'manja kawiri, navala bulauzi yoyera imene anagula pokafunsira ntchito kubekale. M'sitima amayi ake anamukonza kolala. Arim anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene manja amenewo anamukhudza pakhosi, koma sanalipeze.

Lesitilantiyo inali ku Seoul, pamwamba pa nyumba yosanja yopanda chikwangwani panja. Atatuluka m'chikepe chokwerera m'nyumbamo, bambo wina wa suti anawalandira majasi n'kuwatsogolera ku kachipinda ka chitseko chokankhira m'mbali. Munali tebulo la anthu anayi ndi zenera lalikulu loyang'ana madenga a anthu ena.

"Mwafika, amayi," anatero Hyeran ataimirira n'kuwerama. Kenako anayang'ana Arim kuyambira kumutu, ndipo maso ake anachedwa pansapato. "Alamu, mwatchenatu. Ine ndimayesa mubwera ndi epuloni ya kubekale."

Dongpil sanaimirire. Jekete inali itamukulira m'mapewa koma pamimba mabatani anali kulimbana ndi nsalu. Maso ake anali achikasu ngati dzira lokazinga, ndipo pakhosi panali timitsempha tofiira tonga miyendo ya kangaude. Anayang'ana mlongo wake monga munthu amayang'anira galimoto imene akufuna kugula, nati akuoneka wathanzi.

Woperekera zakudya anali mtsikana wa msinkhu wa Arim yemwe, wovala zotuwa, tsitsi atalimanga kumbuyo popanda n'limodzi lomwe lothawa. Anawapatsa timatawulo totentha topukutira m'manja, kenako anafunsa ngati pali wina amene ali ndi chakudya chimene sadya kapena chimene adokotala anamuletsa. Hyeran anatsekula pakamwa, koma mwamuna wake anamudula.

"Timadya zonse. Ukawauze akuluakulu kukhitchiniko kuti a Pyo abwera. Akundidziwa."

Chitseko chitangotsekedwa, Hyeran anamunong'oneza mokalipa za nsomba yaiwisi ndi za mchere. Dongpil anati iye sangalengeze matenda ake pamalo pamene ankabwera ndi mabwana a makampani, kuti mawa dera lonse lidziwe kuti Pyo Dongpil wasanduka munthu wa phala. Hyeran anati dera lonse lili ndi maso, laona kale. Amayi anauza mpongozi wawoyo kuti asamukwiyitse munthu wodwala.

Hyeran anaitanitsa vinyo woyendera limodzi ndi mbale iliyonse, natinso awathirireko alamu ake, poti mwina chibadwire sanalawepo vinyo wopanda chivindikiro chopotokola. Botolo litayandikira, amayi anaphimba tambula ya Arim ndi chikhatho.

"Uyu samwa."

Arim ankamwa. Loweruka akaweruka, iye ndi anzake awiri a kubekale ankagawana mabotolo a mowa ndi nkhuku yokazinga. Anayang'ana chikhatho cha amayi ake chili patambulapo. Woperekera uja anachotsa tambulayo n'kuikapo ya madzi.

Kumaloko munthu sasankha chakudya. Chimene mkulu wa ophika waganiza n'chomwecho, ndipo chimabwera pang'onopang'ono, aliyense mbale yake. Choyamba chinali kanthu kozungulira kokula ngati dzira la njiwa, atakakhazika pamwala wakuda. Woperekera anaima chilili, manja atawagwira kutsogolo, n'kufotokoza kuti ndi nyama ya nkhanu yokulunga m'ndere za m'nyanja, anatchula chilumba chimene nkhanuyo inagwidwa, napempha kuti adye kamodzi n'kamodzi osaluma pakati. Amayi anafunsa kuti kodi mpunga ubwera nthawi yanji. Dongpil anawauza kuti atsitse mawu.

Arim anayang'ana mwala wake, kenako wa mchimwene wake. Zinali zofanana ndendende, mpaka kaduwa kachikasu kapamwamba. Kwawo ndiwo zonse zinkaikidwa pakati pa tebulo, ndipo timitengo todyera ta amayi tinkadziwa njira imodzi yokha. Tinkatola mnofu wa pamsana pa nsomba, kuchotsa minga, n'kukauika pampunga wa Dongpil. Nkhuku ikaphikidwa, miyendo yonse iwiri inali yake. Arim anakula ndi mitu, michira ndi makosi, ndipo mpaka atayamba sekondale ankakhulupirira kuti iye amakonda zimenezo, chifukwa amayi ankauza alendo choncho. Lero kanali koyamba kupatsidwa gawo lofanana ndi la mchimwene wake, ndipo wogawayo anali mlendo wosamudziwa n'dzina lomwe. Anaika kanthuko m'kamwa. Kanali kokoma moti anachita nako manyazi.

Dongpil anakhosomola pang'ono, naika zigongono patebulo, n'kuyamba kunena kuti banja ndi chinthu chimene munthu amachidziwa pa nthawi ya mavuto. Asanapite patali chitseko chinakankhidwa. Anabwerera kumbuyo pampando wake, nkhope ili gwa, kudikira kuti miyala ichotsedwe.

Mbale yachiwiri inali nsomba yaiwisi, tizidutswa titatu toyera, towala ngati tanyowa ndi mame. Woperekera anati ayambe ndi cha kumanzere. Asanamalize n'kutuluka komwe, timitengo ta amayi tinanyamuka. Arim, mwa chizolowezi, anasendeza mbale yake kuti dzanja lidutse bwino kupita kwa Dongpil. Koma timitengoto tinatola nsomba m'mbale ya Dongpil n'kuiika m'mbale ya Arim. Tinabwereranso kawiri. Kenako amayi anatola zawo zomwe n'kuwonjezera.

"Idya," anatero.

"Amayi, kuno sachita zimenezo," anatero Dongpil. Anatembenukira kwa woperekera uja, amene anali ataima pakhomo maso ali pansi. "Uwakhululukire, ndi anthu akale. Akuyesa ali pamaliro kumudzi."

Arim anadya tizidutswa tonse, amayi akumuyang'ana kukamwa. Zaka zonsezi ankalakalaka kuti tsiku lina timitengo timeneto tidzasochere n'kufika pambale yake. Tsopano tinafika, ndipo nsombayo inkatsika pakhosi ngati thonje.

Kunabwera phala la dzungu m'kakapu kosakwana n'dzanja lomwe. Kunabwera bowa wowotcha pa masamba a paini ofuka utsi. Nthawi iliyonse tambula ya Hyeran inkachotsedwa n'kubwera ina ya maonekedwe ena, ndipo nthawi iliyonse gawo la amayi linkathera kwa Arim. Pakati pa mbale ndi mbale Dongpil ankayambanso nkhani yake ya banja ija, koma nkhaniyo sinkafika pa funso. Inkadumpha funsolo n'kukagwera kutsogolo. Anati adokotala akuganiza zochita opaleshoni chisanu chisanayambe. Anati Arim adzagona m'chipatala masiku ochepa chabe, iye ndiye adzakhalitse. Anati chiwindi si mwendo, chimaphukanso chokha ngati mchira wa buluzi, moti kunena zoona palibe chimene Arim ataye.

"Chipsera chokha," anatero Hyeran akuzunguza vinyo m'tambula. "Koma alamu anga savala zoonetsa mimba. Ndani adzachione? Chibwenzi mulibe, si choncho alamu? Kapena pali wina wa ufa kumaso kubekaleko amene mukutibisira?"

Dongpil anaseka mpaka kugwira pamimba chifukwa cha ululu. Amayi anati za chipsera zisatuluke m'banja muno, chifukwa apongozi ena akamva kuti mtsikana anang'ambidwapo pamimba amayamba kufunsa ngati adzabereke. Ikadzafika nthawi yokwatiwa adzanena kuti unali opaleshoni waung'ono wa paubwana.

Kenako amayi anawonjezera, ngati akunena za nyengo, kuti za kuntchito zatha kale. Anapitako Lachisanu Arim ali kumbuyo kokanda ufa, n'kukambirana ndi mwini bekale. Anamuuza kuti mwana wawo sadzatha kunyamula matumba a ufa kwa miyezi ingapo, ndipo bwanayo anamvetsa, anati apeza wina.

Arim anaika supuni pansi. Anakumbukira kuti Lachisanu madzulo bwana wake anamupatsa buledi wa mtedza kuti apite naye kunyumba, namugwira paphewa osanena kanthu. Iye anayesa kuti n'chifukwa cha mabanzi amene anatuluka bwino tsikulo.

"Mwapeza wina?" anafunsa, koma mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, olunjika kwa bwana wake amene panalibe.

"Ukuti chiyani?" anatero Dongpil. "Iwe, zaka zonsezi sunaphunzirebe kutsekula pakamwa? Ukamalankhula umakhala ngati udzudzu uli m'botolo."

Chitseko chinakankhidwanso. Arim anapempha kuti apite kuchimbudzi.

Kuchimbudziko kunkalira nyimbo yapansipansi, ndipo pambali pa sinki panali timatawulo topindidwa ngati maluwa. Kunalibe munthu. Arim anasolola bulauzi m'siketi, naikweza, n'kuyang'ana mimba yake pagalasi. Anayendetsa chala kuchokera pansi pa chifuwa kutsika, kenako kukhotera kumanja, mmene dokotala anajambulira papepala.

Njira yothawira anali nayo. Tsiku loyezetsa lija, mayi wa kuchipatala anadikira kuti amayi atuluke, namuuza motsitsa mawu kuti ambiri amabwera atagwidwa pamkono. Anati ngati Arim sakufuna, adzangonena kwa iye yekha. Chipatala chidzauza abale kuti poyeza komaliza apeza kuti mitsempha ya chiwindi chake sinayale bwino, ndipo palibe amene adzadziwe. Arim anaisunga njira imeneyi mumtima ngati kiyi wa chitseko cha kuseri. Inali njira yomuyenera munthu ngati iye. Adye, awerame, athokoze, Lachiwiri akanong'one m'kachipinda, kenako adzalire limodzi ndi amayi ake pomva zotsatira.

Koma akati atsimikize, ankakumbukira msana. Bambo awo atamwalira iye anali wamng'ono, ndipo manda anali pamwamba pa phiri loterera ndi chipale chofewa. Dongpil, atavala zakuda zobwereka, anamubereka kuyambira pamsewu mpaka kumanda, akupuma mwa befu, osamutsitsa ngakhale pamene amalume anamuuza kuti amusiye ayende yekha. Arim ankakumbukira kutentha kwa msana umenewo pamasaya ake. Chinali chinthu chimodzi chokha, ndipo anali atachitembenuza mumtima kambirimbiri kufuna kuona ngati chikulemera kufanana ndi theka la chiwindi. Masiku ena chinkalemera. Anabwezera bulauzi m'siketi asanadziwe chimene adzanene Lachiwiri.

Pobwerera anapeza chitseko cha kachipinda kawo chitatsala pang'ono kutsekeka. Anaima kuti akonze siketi, ndipo pampatapo anaona mchimwene wake atagwira tambula ya Hyeran. Sikunali kulawa. Anapendeketsa mutu, maso atatsinzina, kholingo likukwera ndi kutsika mpaka vinyo wofiira yense anatha. Hyeran analandira tambulayo n'kuibwezera kumbali kwake, napukuta m'mphepete ndi chala. Amayi anali atayang'ana pazenera, kumadenga kuja, ngati kuli chinthu chachilendo. Osatembenuka, anatambasula dzanja n'kukankhira tambula ya madzi kwa mwana wawo.

Arim anadikira kuti madziwo amwedwe, kenako analowa. Kansalu kake kopukutira pakamwa, kamene anakasiya pampando, anakapeza katapindidwa bwinobwino patebulo.

"Unagweramo?" anatero Dongpil. "Kuno nyama situluka kukhitchini wina akachoka pampando. Tonse takhala tikudikira iwe."

Fungo la vinyo linamufika Arim kudutsa tebulo lonse.

Nyama ya ng'ombe inabwera, kachidutswa kotalika ngati chala, kofiira m'kati, ndi timadontho ta msuzi tozungulira. Woperekera anatchula dera limene ng'ombeyo inakulira ndi mtengo umene makala ake anachokera. Amayi anadula yawo pakati, naika zidutswa zonse ziwiri kwa Arim, ati nyama imawonjezera magazi. Dongpil analuma yake kamodzi, nkhope inakwinyika ndi mseru, ndipo yotsalayo inatsatira njira yomweyo. Hyeran anati alamu adye ndithu, nyama ngati imeneyi mwina sadzaionanso, kachidutswa kamodzi n'kofanana ndi mabanzi a tsiku lonse.

Arim anatafuna. Mimba inali itadzaza kale, lamba wa siketi akumudula, koma mbale yake yokha ndiyo inkakana kutha. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Iye sanali wokondwa n'komwe, koma amalonda anali atamuzungulira mbali zitatu, akumuwerengera chilichonse chimene ankameza.

Mpunga umene amayi ankaufunsa uja unafika pomalizira, m'kamphika kachitsulo, ndi timbale ta ndiwo zowawasa ting'onoting'ono ngati ta ana osewera masanje. Amayi anaulawa nati wachepa madzi. Dongpil, amene tsopano masaya anali atafiira pamwamba pa chikasu chija, anayamba kulankhula momasuka. Anati akachira adzatenga banja lonse kupita nalo kuchilumba cha Jeju. Anati adzamupezera Arim ntchito ya muofesi kwa mnzake wina, asiye kununkha yisiti. Anati madokotala amakokomeza, munthu wa chiwindi chatsopano akhoza kumalawako pa zikondwerero, akudziwa anthu awiri amene akutero ndipo ali bwinobwino. Hyeran anamuponda phazi pansi pa tebulo, mpaka supuni zinalira.

Tebulo linapukutidwa ndi kansalu, nyenyeswa zonse zinachotsedwa. Hyeran anatulutsa kagalasi m'chikwama n'kukonza milomo, nauza mwamuna wake kuti amange batani la jekete. Arim anaona kuti onse atatu akuyang'ana kuchitseko.

Magetsi a m'kachipindako anachepetsedwa. Woperekera uja analowa atanyamula mbale yaikulu yoyera ndi manja awiri, kakandulo kakang'ono kakuyaka pakati, ndipo kumbuyo kwake kunali mnzake wonyamula kamera yotulutsa chithunzi pompopompo. Mbaleyo inaikidwa patsogolo pa Arim. Panali ayisikilimu wa mpunga wokazinga, timaluwa todyedwa, ndipo m'mphepete monse munali malemba a chokoleti olembedwa ndi dzanja laluso. Anati: Arim wathu, zikomo potipatsa moyo.

Malo ngati amenewa amafunsa pa nthawi yosungitsa tebulo ngati pali chikondwerero, ndi mawu oti alembe pambale. Dongpil anali atasungitsa tebulolo kalekale. Arim anawerenga malembawo kawiri, ndipo chimene chinamulasa si mawuwo ayi, koma kuganiza za tsiku limene Hyeran anawatchula pafoni, mwina zotsatira zitangotuluka kumene, mwina zisanatuluke n'komwe.

Woperekera anamwetulira koyamba chiyambire, nafunsa mwaulemu ngati angadziwe chimene akukondwerera, chifukwa ophika onse kukhitchini anakhudzidwa ndi mawuwo.

"Alamu angawa akupereka chiwindi chawo kwa amuna anga," anatero Hyeran, dzanja lili pachifuwa. "Mwa kufuna kwawo. Sitinawapemphe n'komwe."

Mtsikanayo anawerama kwa Arim mozama kuposa mmene anaweramira kwa wina aliyense tsikulo. Wa kamera anapempha kuti onse aime kumbuyo kwa mpando wake. Dongpil anadzuka movutikira, nabwera kudzaika dzanja paphewa la mlongo wake. Dzanjalo linali lolemera ndi lotentha. Amayi anaima mbali inayo n'kumuuza kuti awongole msana, aseke. Phula la kandulo linayamba kutsikira pa ayisikilimu.

"Sindinavomere," anatero Arim.

Mawuwo anali apansi kwambiri moti wa kamera anayesa kuti akufunsa poyang'ana, namulozera pagalasi la kamerayo.

"Zimene zalembedwa apazi sindinavomere. Palibe amene wandifunsa."

Zala za amayi zinamutsina kumbuyo kwa mkono, pamalo pofewa pamene ankamutsina ali mwana akalakwitsa pamaso pa alendo. Hyeran anaseka, nauza operekerawo kuti alamu ake ndi amanyazi, sazolowera kuyamikiridwa, ajambule basi. Koma kamera inali itatsika kale. Atsikana awiriwo anayang'anana, osadziwa ngati atuluke kapena aime, ndipo anangoima.

Amayi anawerama n'kumunong'oneza kuti asawachititse manyazi pagulu, za m'banja akakambirana kunyumba, chibale ndi fupa sichiwola. Dongpil anachotsa dzanja paphewa paja. Anazungulira tebulo pang'onopang'ono mpaka anaima moyang'anana naye, akudzichirikiza pampando.

"Tsono ukufuna chiyani?" anatero. "Ndikugwadire? Pano, pamaso pa ana operekera mbalewa? Wadya za anthu atatu, pakamwa pakadali mafuta, ndiye lero ndi pamene wapeza lilime?"

Manja a Arim anali pansi pa tebulo, atagwira kansalu kaja mwamphamvu. Anafuna kuyang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma pansi panali mbale ija. Tsono anakweza maso n'kuyang'ana m'maso achikasuwo.

"Musagwade, achimwene. Ndakuonani mukumwa. Amayi, inunso mwaona, mwawakankhira madzi. Ine mpeni ndikuuopa, usana ndi usiku, ndipo ndimati mwina ndi mantha amene akundiipitsa mtima, n'chifukwa chake ndimangokhala chete. Koma si mantha okha. Sindikufuna. Ndikudziwa kuti mukhoza kufa mukudikira chiwindi cha munthu wina. Zimenezo ndaziganizira kwambiri, kuposa mmene wina aliyense muno waganizirapo za ine. Lachiwiri ndipita ndekha, ndipo ndikanena zomwe ndikunena panozi. Chiwindi changa sindikupatsani."